Amene Analemba Kuti Ayi

Wendell Pruitt anatuluka mochedwa m'chipinda chapansi pa tchalitchi, basi yomaliza itapita kale. Anatsalira dala, ati kupinda mipando, chonsecho ankaopa kukumana ndi wakuntchito pakhomo. Zoyendetsa galimoto anali ataiwalako, poti apolisi anamulanda laisensi chaka chatha atamugwira akuyendetsa ali thapsa.

Kumsonkhano wa osiya mowa umene unkachitikira m'chipindamo ankadzitcha Ray. Miyezi isanu ndi iwiri osalawa ndi dontho lomwe, koma pepala lochitira umboni kuti amabwera ankakana kulisainitsa. Wowotcherera zitsulo za sitima zankhondo ngati iyeyu salowa pageti popanda chilolezo chosunga zinsinsi za boma, ndipo pafomu yokonzetsanso chilolezocho, pomwe amafunsa za mowa ndi za apolisi, iye anali atalemba kuti ayi. M'mawa mwake wofufuza ankabwera kudzamufunsa maso ndi maso. Bambo waimvi, wa ana awiri, kunama ngati mwana wakuba shuga! Manyazi ankamutentha kumaso ngakhale mphepo ya Novembala ya ku Virginia inali kulasa.

Anadutsa manda akale, nakwera mlatho. Nyali yapakati inali yothima. Kumbuyo kunamveka nsapato... gwa, gwa, gwa. Anaima. Nazonso zinaima.

"Wendell."

Tsitsi linamuyima. Anacheuka. Bambo wamtali, chisoti cha kuntchito kwawo komweko kumutu, chiphaso chili lende pakhosi, cha mtundu wobiriwira umene kampani inausiya kalekale. Dzina, O. Vance. Malaya ake anali kudontha madzi... koma kunja kunalibe mvula!

"Kumsonkhano kuja umati ndiwe Ray, eti?" anatero mlendoyo. "Ine ndinkati Frank. Khofi wawo akadali woipa muja?"

Wendell anabwerera m'mbuyo.

"Nanenso ndinalemba ayi, mphwanga. Kabokosi komwe kaja ka pafomu." Analoza pansi, kumadzi. "Kumazizira kumeneku."

Lole inadutsa, kuwala kunasesa mlatho wonse... Zii! Panalibe munthu! Wendell analiyatsa liwiro, ndipo tulo sanatione mpaka kunja kunayera.

Wofufuza asanafike, iye anali atagogoda kale kwa Mayi Loretta Haskins, mkulu woona za zilolezozo. Anaulula zonse maso ali pansapato: za apolisi, za msonkhano, za dzina lobwereka.

"Iwe Wendell, chaka chonsechi kumandipatsa moni m'khonde muno uli phee?" anatero mayiwo. "Sindikulonjeza kanthu. Koma wachita bwino kufika wekha. Pepala la kumsonkhano lijalo akakusainire, m'dzina limene anakupatsa amayi ako."

Ali pachitseko, anafunsa chapansipansi ngati pakampanipo panali munthu wotchedwa O. Vance.

Mayi Haskins anavula magalasi, nawaika patebulo pang'onopang'ono.

"Otis? Wamumva kuti? Anamwalira zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Zitadziwika kuti ananama pafomu, chiphaso ndinamulanda ndine, Lachisanu. Lolemba anamuvuula pansi pa mlatho."

Mayiwo anabisa nkhope m'manja.

"Pamaliro pake panabwera alendo odzaza mabenchi atatu, ati adzalira Frank. Ndi iwo anandiuza kuti anali atatha zaka zinayi osalawa mowa. Akanandiuza yekha zimenezo, Wendell, chiphaso chija sindikanachikhudza."