Fungo la pa Dzanja la Buruhani

Buruhani ananyamuka ku Chipata dzuwa litalowa kale, ndipo chimene chinamuchedwetsa sichinali china koma mphuno yake. Uthenga wa mlongo wake wamkulu, Shamim, unafika masana ndithu: mayi atheratu mphamvu, ngati ukufuna kuwapeza amoyo ugone kuno ku Chiparamba. Wina akanangokhoma sitolo n'kuliyatsa liwiro. Iye anakhoma chitseko ali mkati, n'kukhala pansi ndi timabotolo take.

Ntchito ya Buruhani inali yosakaniza mafuta onunkhira, ndipo m'chaka cha 1996 m'tauni monse munalibe womuposa. Vuto lake, ankadzidziwanso yekha. Munthu akangodutsa pakhomo pa sitolo, iye ankatha kutchula sopo amene wasambira ndi ndiwo zimene wadya dzulo. Maperefyumu opopera ankawanyoza poyera, amati amakuwa m'mawa koma pofika masana asasa mawu. Iye ankakonda mafuta akale, olemera, odzola kadontho kamodzi basi, osasankha kuti uyu ndi mwamuna uyu ndi mkazi.

Koma mphuno yotchukayo inali itagonja kasanu ndi kamodzi pamaso pa mayi ake, a Mwanahalima. Chiyambire kudwala ndi kuchita khungu, mayiwo ankapempha chinthu chimodzi chokha: amvenso fungo la mafuta amene ankadzola ali mtsikana. Dzina lake anali ataliiwala. "Pamwamba pali duwa, pakati pali mtengo, koma pansi pake pamazizira," ankatero. Duwa la rozi Buruhani analipeza. Mtengo wa sandali anaupeza, n'kuwonjezera lubani pang'ono. Kuzizirako ndiye kunamuzunguza mutu. Anayesa bulugamu, anayesa makoko a mandimu, koma ulendo uliwonse mayiwo ankanunkhiza n'kutembenukira kukhoma: "Si amenewa, mwanawe." Zinkamupweteka Buruhani kuposa mmene ankaonetsera. Botolo la tsikuli linali lachisanu ndi chiwiri, ndipo nthawi yopanga lina panalibe.

Lole yokatenga thonje inamutsitsa pamphambano, kutatsala ulendo wa ola limodzi wapansi. Unali mwezi wa Julayi, mphepo ikuluma makutu. Njirayo inkadutsa pa kamlatho, pafupi ndi sitolo yakalekale yogumuka denga, imene kuseri kwake kunali manda ochepa a Asilamu. Anthu a kumeneko sankadutsapo usiku. Buruhani ankati mantha ndi matenda a anthu osowa chochita, choncho anayenda mwachifatse, akuwerenga njira ndi mphuno monga mwa chizolowezi chake: apa atentha tchire, apa pali khola la ng'ombe, apa wina akubisa kachasu.

Atayandikira kamlatho kaja, anangoti chilili.

Duwa!

Anakoka mpweya kachiwiri. Rozi weniweni, wakale, wosathamanga. Pambuyo pake sandali wokhwima, wofewa ngati nsalu yochapidwa kambirimbiri. Mtima wake unadumpha ndi chimwemwe cha mmisiri. Mafuta otere anali asanawamvepo chibadwire, ndipo pansi pake penipeni... panali kuzizira.

Pakhoma la mlathowo panakhala mnyamata wovala mkanjo woyera ndi chisoti chofiira cha makedzana. Mwezi unkamuwalira kumaso. Zaka zake sizikanapitirira makumi awiri ndi zisanu.

"Asalamu alaikumu, achimwene," anatero Buruhani.

"Wa alaikumu salamu. Wachedwa iwe."

Iwe! Buruhani, bambo wa ana atatu, mwini sitolo, kumutchula iwe kamnyamata ka dzulodzuloli! Tsiku lina pakanabuka mlandu. Koma wofuna uchi saopa njuchi, ndiye anameza malovu.

"Pepani achimwene, mafuta mwadzolawa munawapeza kuti?"

Mlendoyo anangotambasula dzanja. "Patse akowo."

Buruhani anali asananene kuti ali ndi botolo m'thumba. Komabe analitulutsa. Mnyamatayo anatsegula, ananunkhiza nthawi yaitali maso ali chitsinzinire, kenaka anagwedeza mutu.

"Dzanja lako ndi labwino. Koma awa ndi mafuta a anthu oyenda padzuwa." Anabweza botololo. "Bwera nalo dzanja."

Pakati pa Asilamu, mnzako akafuna kukupaka mafuta kuseri kwa dzanja, monga amachitira Lachisanu kumzikiti, sukana. Buruhani anapereka dzanja lake lamanja. Mlendoyo sanatulutse botolo lililonse. Anangokhudzitsa kuseri kwa dzanja lake pa dzanja la Buruhani, kamodzi.

Linali lozizira ngati mwala wa m'mtsinje.

Buruhani anakweza dzanja kumphuno. Ntchito ndi ntchito. Rozi, inde. Sandali, inde. Lubani, pang'ono chabe. Ndipo pansi pake... Analidziwa. Ankagulitsa yekha chinthucho, chili pashelefu ya pansi, kutali ndi mafuta ena onse. Kamfa! Mankhwala oyera aja amene amathira m'madzi otsiriza posambitsa maliro, fungo lake n'kukakamira pansanda. Miyezi yonseyi sanamuganizireko n'komwe. Palibe mmisiri amene amathira kamfa m'mafuta a munthu wamoyo.

Tsitsi linamuima. Achule anali ataleka kulira. Anayang'ana pakamwa pa mlendoyo. Usiku wozizira chotero, mpweya wake wa Buruhani unkatuluka ngati utsi. Pakamwa pa mnyamatayo... ayi ndithu.

"Tsogola," anatero mlendoyo mofatsa. "Ukawauze amake Shamim kuti ndili pambuyo pako."

Buruhani anayenda. Sanathamange, ulemu wake unakana. Mapazi khumi. Makumi awiri. Osacheuka. Atadutsa sitolo yogumuka ija fungo lija linamupeza, lili pafupi ndi khosi... Apo ndiye ulemu anausiya panjira. Anathamanga! Nsapato imodzi inatsala m'matope ndipo sanaibwerere.

Anafika kwa Shamim ali wefuwefu. Koloboyi ankayaka m'chipinda, mayi ake ali gone pamphasa, kupuma kwawo kukumveka patalipatali.

"Akadalipo," ananong'ona Shamim. "Akhala akufunsa za iwe."

Buruhani anagwada natsegula botolo lake. "Amayi, ndabwera. Ndabweretsa ena."

Mayiwo anakankhira botololo kumbali osalinunkhiza n'komwe. Mphuno yawo inali itamva kale china. Anafufuza mumdima wa maso awo, nagwira dzanja lamanja la mwana wawo ndi mphamvu imene anali alibe kwa mwezi wathunthu, n'kuliika pankhope. Anakoka mpweya kamodzi, kawiri. Misozi inatsikira m'makutu, koma nkhope inali ikumwetulira.

"Ndi amenewa," anatero. "Ndi amenewa, mwanawe. Wawapeza kuti?"

"Si anga, amayi." Kwa Buruhani mawu amenewa anali olemera, koma anawanena. "Wandipaka mnyamata wina pamlatho, wa mkanjo woyera ndi chisoti chofiira. Akuti ndiwauze amake Shamim kuti ali pambuyo panga."

Shamim anagwira pakamwa. Mayiwo sanadzidzimuke.

"Wonditchula choncho anali mmodzi yekha," anatero pang'onopang'ono. "Botolo linali limodzi, tinkadzola tonse awiri, iye popita kumzikiti, ine popita kulikonse. Atamusambitsa, ndinapereka botolo lonse kuti athire pansanda yake. Tsiku limenelo ndiye ndinawamva komaliza. Ndi Idris ameneyo, bambo ako. Anamwalira mu 1962, iwe uli m'mimba, ndipo anagona kuseri kwa sitolo yathu ija."

Buruhani anayang'ana dzanja lake.

A Mwanahalima anakonza mpango wawo kumutu, natembenuzira nkhope kukhomo.

"Shamim, tsegula chitseko. Bambo ako asaime panja, kukuzizira."