Wojambula Tizilombo wa ku Furancungo

Chaka chimenecho nkhondo inali isanalowe m'tauni ya Furancungo, koma aliyense ankadziwa kuti ili pafupi.

Lucrécia, pulofesora wophunzitsa ana aang'ono, ankadutsa m'paki ya pakati pa tauni pochokera ku shikola pamene anaona mnyamata atagwada m'maluwa, makina ojambulira ali kumaso.

"Mwataya chiyani, achimwene?" anafunsa Lucrécia.

"Pang'onopang'ono, chemwali, mungandithawitsire mlendo wanga!" Mnyamatayo analoza kachilombo papeto pa tsamba. "Uyu ndi nunkhadala. Mukamukhudza, sopo sathandiza."

Lucrécia anaseka. Anali atatha miyezi osaseka chotero.

Dzina lake anali Clemente. Anati ndi wa zaulimi wochokera ku Tsangano, ndipo amajambula tizilombo toononga chimanga, nyemba ndi kachewere kuti alimi atidziwe. Kuyambira tsikulo, Lucrécia sankadutsanso njira ina. Clemente anamuonetsa bwanoni wobisala mu udzu, tsokonombwe waulesi, ndi nsabwe za m'masamba zimene nyerere zimaweta ngati ng'ombe.

"Ndajambula agulugufe a Tsangano yense," ankatero Clemente, "koma wokongola ngati iwe sindinamuone, meu amor, wokondedwa wanga."

"Bodza!"

"Ndikulumbira! Mfuti zikadzangokhala chete, ndidzakutenga. Udzakalamba uli pambali panga."

Mtsikana wanji akanakana mawu otere, pamene ena onse ankangokamba za maliro?

Tsiku lina Clemente anati, "Wapamtima, ndikufuna amayi anga aone kumene ndikukwatira. Itana abale ndi anzako Lamulungu lino, ndiwajambule."

Lucrécia anasangalala kwambiri! Anabwera ndi mlongo wake Alfredo, namwino wa pachipatala, amene anamulera makolo atamwalira. Anabweranso ndi aphunzitsi anzake. Onse anaima pansi pa mtengo m'pakimo atavala zakutchalitchi. Clemente ankajambula, Lucrécia akumuuza monyadira dzina la aliyense, ntchito yake ndi kumene amakhala.

"Mlamu, mumusamale mwanayu," anatero Alfredo, akumugwira dzanja. "Ndilibe wina."

Mawa lake Clemente anakwera galimoto, ati akukatsukitsa zithunzi ku Tete.

Mwezi usanathe, kukucha, mfuti zinalira. Anthu a zida ochokera kutchire analowa m'tauni. Anatulutsa anthu m'nyumba n'kuwakhazika pansi m'paki muja. Ankafuna antchito a boma, koma onse anali atavala zausiwa, atasakanikirana ndi alimi. Palibe anaulula mnzake.

Kenaka kunatulukira munthu atavala zankhondo, zithunzi zili m'manja. Lucrécia anamuzindikira nthawi yomweyo.

"Clemente! Clemente, tipulumutse!"

Clemente sanacheuke. Ankayenda pakati pa anthu modekha, kuyang'ana chithunzi, kuyang'ana nkhope.

"Uyu ndi mphunzitsi. Uyonso. Uyu ndi namwino."

"Mlamu?" anatero Alfredo. Anthu a zida aja anamumanga manja kumbuyo.

Lucrécia anakwawa n'kugwira mwendo wa Clemente. "Ndi achimwene anga! Unadya m'nyumba mwawo! Suja unalumbira?"

"Nanga uyu?" anafunsa mkulu wa gululo. "Si pulofesora?"

Apo m'pamene Clemente anamuyang'ana. M'maso mwake munalibe chidani, munalibenso chisoni.

"Uyu musiyeni," anatero mokweza, kuti aliyense amve. "Mayina onsewa anandipatsa ndi iyeyu."

Onse m'pakimo anatembenukira kwa Lucrécia.

Omangidwawo anawatengera kuseri kwa phiri, ndipo sanabwerenso.

Madzulo a tsiku lomwelo otsala anayamba ulendo wothawira ku Malawi, mitolo pamutu, ana kumsana. Lucrécia anayesa kulandira mwana wa Alfredo kwa mlamu wake Paulina, mkazi wa Alfredoyo, amene ankadzandira ndi kulira.

"Usamukhudze!" anakuwa Paulina. "Ukufuna ukaperekenso dzina lake?"

Lucrécia anabwerera m'mbuyo. Anayenda yekha kumapeto kwa mzere mpaka kumalire, ndipo pamtsinje uliwonse pamene anthu ankapatsirana chikho, chikafika pa iye chinkabwerera.