Ngodya za Kachipinda ka Mwana

Tsiku limene anakumana, mtsikanayo anali atagwada m'nyumba ya eni, pensulo kukhutu, akukhoma timatabwa tokongoletsa m'munsi mwa khoma. Amisiri anzake ankamutcha Nyundo, chifukwa sankanyengerera msomali, ngakhalenso munthu.

Mnyamata wa magetsi analowa akuimba mluzu, waya paphewa, n'kuponda thabwa limene Nyundo anali atangolipaka vanishi.

"Akulu inu, maso mwasiya kunyumba?" anakalipa Nyundo.

"Pepani achemwali. Maso ndinabwera nawo, koma nditangolowa muno athawira kwa inu."

"Akabwerako muwaonetse nsapato yanu yadinda apayi."

Wamagetsi sanatsutse. Anatula waya, n'kugwada pambali pake, n'kuyamba kupala thabwalo mpaka chidindo chinafufutika. Pomaliza, utuchi uli mbuu m'tsitsi, anapempha nambala ya foni. Nyundo anakana kawiri, kachitatu anangomva pakamwa pake pakuitchula pokha.

Mnyamatayo anali ndi lilime, abale! Dzuwa lisanakwere foni inkakhala italira kale.

"Duwa langa, wadzuka bwanji? Dzulo ndagwidwa ndi magetsi chifukwa choganiza za iwe."

"Ukafa usanamizire ine," ankayankha Nyundo, koma akumwetulira yekha pamwamba pa makwerero ngati wopenga.

Chikondi chitakhwima, wamagetsi anamutengera kumapeto kwa tauni. Kunali nyumba yongotha kumene kumangidwa, makoma atakulungizidwa, siling'i itakhomedwa, koma m'mphepete monse muli mipata yoonekera.

"Wapamtima, nyumba yathu ndi iyi," anatero atamugwira dzanja. "Ine ndamanga makoma, iwe uiveke. Ndikulonjeza pamaso pa Mulungu, mkazi woyamba kugona muno ndiwe."

Kodi ndi mtima wanji umene ukanalimba pamenepo? Nyundo anali atakongoletsa nyumba za anthu zosawerengeka, n'kumabwerera kukagona m'kachipinda ka lendi kothonya. Lero munthu akuti nyumba yathu!

Kushedi ya amalume ake, amene anamuphunzitsa ntchitoyi, Nyundo anali ndi matabwa ake ofiira, olimba, onunkhira bwino, amene ankawasungira nyumba yake ya m'tsogolo. Anawatsitsa onse n'kuyamba kuwasema mizere.

"Iwe mwana wa mlongo wanga," anatero amalumewo akumuyang'ana cham'mbali, "munthu wakuonetsa nyumba. Nanga mayi ake wakuonetsa?"

"Akuti nyumba ikatha."

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Amalume, mtima ndi wanga, matabwanso ndi anga. Zikavuta sindidzabwera kudzalira pakhomo panu."

Amalume anangopukusa mutu, n'kumuthandiza kukweza matabwawo pagalimoto.

Loweruka lililonse Nyundo ankakhala kunyumba ija. Pabalaza anazungulizapo mizere iwiri m'mphepete mwa siling'i. Kuchipinda chachikulu anaikako itatu, yokhala ndi timasamba tosema pamanja, chifukwa ankati munthu akagona chagada azikhala ndi choyang'ana. Zala zinachita matuza, khosi linauma ndi kuyang'ana kumwamba, koma iye ankangoimba.

Tsiku lina pafoni panabwera uthenga wochokera kwa wamagetsi.

"Njole yanga, m'kachipinda kakang'ono kaja usasiyemo ngodya zakuthwa. Timatabwa ta pansi uzitikhotetsa tikhale tosalala. Mwana akamakwawa angadzicheke pachipumi. Uchite msanga."

"Mwana wake uti? Ngakhale ukwati sitinamange!"

"Wathu, mayi wa ana anga. Ine ndimaona patali."

Nyundo anakhala pachitini cha penti n'kulira ndi chimwemwe. Mwamuna woganizira chipumi cha mwana amene sanabadwe, amapezeka kuti masiku ano?

Ntchito yake sinali yamasewera. Matabwa awiri akakumana pakona amatulutsa kansonga, ndiye kuti pasakhale kansongako pamafunika kusema kachidutswa kokhota, kukalowetsa pakati, n'kupala mpaka chala chizidutsa osamva polumikizira. Kona iliyonse ankaiyesa ndi tsaya lake. Akamapala ankamuona mwanayo m'maganizo, wa mphuno ngati ya bambo ake.

Kuchipinda chachikulu kunatsala mbali imodzi yokha. Wamagetsi anamuuza kuti asabwereko kufikira Loweruka, ati m'nyumba mukununkha penti. Koma pakati pa sabata ntchito ina inalephereka, ndipo Nyundo anaganiza zokamaliza mwakachetechete kuti akamudabwitse.

Anapeza chitseko chili chotsegula, m'mawindo muli makatani. Pabalaza panali makatoni ndi masutikesi. Kuchokera m'kachipinda kaja kunatuluka khanda likukwawa, kumbuyo kwake mayi wina wooneka wofatsa.

"Odi... pepani, kaya ndasochera," anatero Nyundo.

Mayiyo anaona nyundo ndi tepi m'chiuno mwake, nkhope yake n'kuwala.

"Ndinu amisiri aja? Lowani! Bambo a mwanayu amakutamani kwambiri. Ife tafika dzulo. Ndinali kwa amayi anga, kudikira kuti nyumba ithe."

"Bambo a mwanayu?"

"Amuna anga, amagetsi aja. Koma zikomo chifukwa cha ngodya zija. Ndine ndinawakakamiza kuti akuuzeni. Onani kachipsera aka, anadzicheka pakona kwa agogo ake."

Nyundo anayang'ana chipumi cha mwanayo, kenako mphuno yake. Ngakhale mawu aja amene anamuliza ndi chimwemwe sanali a mwamunayo. Anali a mkazi wake, iye anangowathira shuga.

Panja panamveka mluzu. Wamagetsi analowa atanyamula katoni ya mababu, ndipo ataona akazi awiriwo mluzu unathera m'kamwa.

"Aa, mwakumana kale?" anatero akuseka chiseko chouma. "Mayi a mwana, uyu ndi mtsikana wa siling'i chabe."

"Chabe?" anafunsa Nyundo.

"Achemwali, tiyeni tikambirane panja."

"Lero ndasanduka achemwali? Panja sindipita. Tikambirana muno, pansi pa matabwa anga."

Anatulutsa foni n'kuyamba kuwerenga mokweza. "'Duwa langa, wadzuka bwanji?' 'Mayi wa ana anga, ine ndimaona patali.' Uwu ndi wa m'mawa uno: 'Ndagona ndekha, ndikukusowa.'"

Kenako anapereka foniyo kwa mayiyo. "Nambala mukuidziwa. Werengani nokha, mayi. Ine sindinkadziwa kuti mulipo, Mulungu ndi mboni."

Mayiyo anawerenga ataima, osaphethira. Atamaliza anabweza foni mwaulemu, ndi manja awiri.

"Wapamtima, ndi satana," anayamba wamagetsi, osadziwika kuti akuuza uti.

"Satana sadziwa nambala yanga," anadula Nyundo.

Zinamuwawa, tisaname. Mtima unkachita ngati wang'ambika pakati, chifukwa mwamunayo anamukondadi ndi mtima wonse. Koma kulira pamaso pa munthu ameneyu? Ayi, zimenezo ndiye ayi. Anakoka makwerero ake n'kulunjika kuchipinda chachikulu.

"Ukufuna kutani?" anakuwa wamagetsi akumutsatira.

"Ndikutenga zanga. Matabwawa ndinawasungira nyumba yanga, ndipo ino si yanga. Iwe sudzagona chagada n'kumayang'ana timasamba tanga."

"Uwononga siling'i! Ndiitana apolisi!"

"Aitane. Ndiwawerengeranso mauthenga."

Anaimika makwerero pakona, n'kukwera, tchizulo m'dzanja. Misomali anali ataibisa bwino moti munthu wina sakanaiona, koma iye ankadziwa pamene uliwonse unali. Pansi panali matailosi oterera, ndipo atangoyamba kukanula, makwerero anagwedezeka.

Mayi uja analowa, mwana ali m'manja.

"Achemwali," anaitana motsitsa, "nazonso za m'kachipinda ka mwana muchotsa?"

Nyundo anayankha ali pamwamba pomwepo. "Ayi. Mwanayo sanandinamize."

Mayiyo anagwedeza mutu. Anatembenukira kwa mwamuna wake n'kumupatsira mwanayo pachifuwa.

"Gwirani mwana wanu, bambo. Ndi ntchito yokhayo yakutsalirani muno lero."

Kenako anamanga bwino nsalu yake m'chiuno, n'kugwira makwerero aja ndi manja onse awiri.

"Kanulani, achemwali. Simugwa."

Apo m'pamene misozi ya Nyundo inatsika. Analowetsa tchizulo, n'kumenya kamodzi, ndipo thabwa loyamba linasiyana ndi khoma likulira.