Chipolopolo cha m'Kabati

Anali masana, dzuwa likuswa mtengo, pamene Chisamba anafika pakhomo kuchokera kusukulu n'kupeza njinga ya amalume ake itayedzamira khoma. Anaima pageti. Amalume sankaweruka dzuwa lisanalowe.

Anawapeza pakhonde la kuseri, ovololo yawo ya kuntchito ili yopindapinda pamwendo. Amayi ake anali ataima pakhomo la khitchini, manja ali m'chiuno.

"Mwalakwanji, achimwene?" amayi ankafunsa.

"Akuti ndipume kaye. Amva kuti ndimasunga mfuti m'nyumba."

"Mfuti? Inuyo? Munthu woti nkhuku ikamaphedwa mumayang'ana kumbali?"

Amalume anayesa kuseka koma sizinatheke. Chisamba anapereka moni mawu ake osamveka bwino, n'kulowa m'nyumba msangamsanga. Chikwama cha mabuku chinamulemera ngati munali miyala.

Amalumewo anatuluka kundende chaka chapitacho. Anamangidwa chifukwa chogula katundu wakuba, ndipo atatuluka mlongo wawo, amayi a Chisamba, anawapatsa kachipinda ka kuseri. Ntchito inawavuta kupeza, mpaka mwini sitolo ya zipangizo zomangira nyumba anawalemba mowayesa. Posachedwapa anali atawachotsa kumatumba a simenti, n'kuwaika pakauntala, n'kuwapatsanso makiyi a chipinda chosungira katundu. Tsiku limenelo amalume anafika pakhomo akuimba mluzu.

Loweruka lapitalo amayi anatuma Chisamba kukakolopa m'kachipinda kaja. Popukuta m'kabati yakale yabuluu imene amalume ankasungamo zovala, thabwa lapakati linapendekeka, malaya n'kukhuthukira pansi. Pamodzi ndi malayawo panagwa kanthu kachitsulo, n'kugubuduzika mpaka pansi pa bedi. Atakatola anakazindikira, pakuti anali ataonapo zotere m'mafilimu. Chinali chipolopolo cha mfuti yaing'ono ya m'manja, chakale, chodera.

Sanafunse munthu. Anachikulunga m'sokosi n'kuchibisa m'chikwama. Lolemba pa nthawi yopuma anachionetsa mnzake amene ankakhala naye desiki imodzi, mwana wa mwini sitolo uja.

"Ndachipeza m'zovala za amalume," ananong'ona. "Koma usauze munthu, wamva?"

"Ine? Pakamwa panga m'potseka ngati botolo," mnzakeyo anatero.

Chisamba anakumbukira mmene anamvera kukoma poona maso a mnzake atatong'oka. Tsopano kukoma kuja kunali kutatheratu.

"Iwe Chisamba!" amayi anaitana ali panja. "Thabwa unagwetsa lija lidakali chigwere. Kakonze, amalume ako asamaike zovala pampando ngati mlendo."

Anapita. Anagwada patsogolo pa kabati n'kusuzumiramo. Thabwalo linkakhala pa tizikhomo tamtengo tolowetsedwa m'mabowo a m'mbali. Tizikhomo tina tinalipo, koma bowo limodzi la kumbuyo linali lopanda kanthu, ndipo m'mphepete mwake munali mobiriwira ngati mmene imachitira ndalama yachitsulo ikakhalitsa ponyowa. Chisamba anakatulutsa sokosi ija m'chikwama n'kuimasula. Mbali ina ya chipolopolocho inali yobiriwira chimodzimodzi. Mbali inayo, kumatako kwake, inali ndi penti wabuluu.

Kabatiyo anaipaka penti ndi malemu bambo ake. Iye ankakumbukira chifukwa tsikulo anaponda m'chitini cha penti, bambo n'kumusambitsa phazi ndi parafini akuseka. Nthawi imeneyo anali asanayambe n'komwe sukulu, ndipo amalume ankakhala kutali.

Anadzuka n'kupita pakhonde, n'kutambasula dzanja pamaso pa amayi ndi amalume.

Anafotokoza zonse maso ali pansi. Amayi anagwira pakamwa. Amalume sanakalipe. Anatenga chipolopolocho mosamala, n'kuchiika m'kabokosi ka machesi kopanda kanthu.

"Unkapita nacho kusukulu chimenechi?" anafunsa.

"Inde, amalume."

"M'chikwama chimene umachiponya pansi chija?"

"Inde."

Amalume anapukusa mutu. "Nanga bwanji sunandifunse, mwana wa mlongo wanga? Si timadyera patebulo limodzi?"

Chisamba analakalaka akanangomukwapula. Yankho analidziwa, ndipo amalume nawonso ankalidziwa. Sanawafunse chifukwa mumtima mwake anali atawaweruza kale.

"Kabati imeneyi tinaipeza m'nyumba muno," amayi anatero. "Ndi ya alandilodi. Tiyeni."

Alandilodi ankakhala m'nyumba yakutsogolo. Anali mayi wachikulire, wamasiye, wolankhula mokweza chifukwa makutu anali atayamba kugontha. Anawapeza akuthirira maluwa a m'zitini. Atatsegula kabokosi kaja anavala magalasi, n'kuyang'ana, n'kuwomba m'manja.

"Aa! Kachikhomo kanga aka! Mwakachotseranji?"

"Kachikhomo, amayi? Ichi n'chipolopolo."

"Ndikudziwa, mwanawe, sindine wakhungu. Bambo a kuno anali apolisi. Atamwalira ndinakapeza m'chitini chawo cha misomali. Kachikhomo kamtengo katathyoka ndinayesa msomali, unachepa. Ndinayesa pensulo, inathyoka. Aka kanalowa bwinobwino ngati kuti anakapangira pomwepo. Ndinangokagogoda pang'ono ndi chidendene cha nsapato."

"Munakagogoda?" amalume anafunsa, atabwerera m'mbuyo.

"Pang'ono chabe. Kopanda mfuti kangachite chiyani?"

"Kakanaphulika, amayi. Kadakali kamoyo aka."

Alandilodi anaika pansi chothiririra chija pang'onopang'ono. "Ndiye kuti zaka zonsezi..." Atamva zimene zinachitikira amalume kuntchito anatembenukira kwa Chisamba, n'kumuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Iwe, pakamwa pako pathamanga kuposa chipolopolocho."

Madzulo omwewo anapita onse kupolisi. Alandilodi anavala diresi lawo lakutchalitchi ndipo analankhula okha nkhani yonse. Wapolisi anatenga chipolopolocho, n'kuwachenjeza kuti akadzapezanso chotere asadzachigwire, angodzawaitana. Amalume sanalowe. Anadikira panja, pansi pa mtengo, atafulatira chitseko.

M'mawa mwake Chisamba sanalunjike kusukulu. Anatsagana ndi amalume kusitolo, atavala yunifolomu. Panjira, mayi wina wogulitsa makala, amene masiku onse ankachita nthabwala ndi amalume, atawaona anaweramira thumba lake ngati akufunamo kanthu.

Mwini sitolo anali pakauntala. Pambali pake panaima mnyamata wachilendo, makiyi aja akulendewera pa lamba wake.

"Bambo," Chisamba anayamba, "nkhani ya mfuti ija inachokera kwa ine. Amalume alibe mfuti. Chipolopolo chinali cha malemu amuna a alandilodi athu, ndipo chili kupolisi. Mukhoza kukafunsa. Ndinalankhula ndisanadziwe."

Ogula awiri amene ankasankha misomali anasiya n'kumamvetsera. Chisamba anawaona, koma sanathawe.

Mwini sitoloyo anakanda m'mutu. "Ndamva, mwana. Wachita bwino kubwera." Kenako anayang'ana amalume. "Inenso ndinafulumira, achimwene. Ndikanakufunsani. Koma makiyi ndapatsa kale mwana wa mkulu wanga uyu, ndipo mayi a kunyumba agona osatseka maso ndi nkhani imeneyi. Ngati mukufuna, kuseri ntchito ilipo. Zapakauntala tidzaona m'tsogolo."

"Kuseri kuli bwino, bwana," amalume anatero.

Chisamba anawatsatira mpaka kubwalo la kuseri, kumene lole inali itangofika ndi simenti. Amalume anavala ovololo yawo, n'kutola thumba lakale lopanda kanthu, n'kulikutumula, n'kulifunda kumutu ndi m'mapewa.

"Amalume, pepani."

"Ndamva."

"Ndikauza anzanga onse kusukulu kuti linali bodza."

"Ukawauze. Ena amva, ena ayi." Anamuyang'ana kwa nthawi yoyamba m'mawa umenewo. Sanali okwiya, ankangooneka otopa. "Kolala yako yapindika. Konza, uzipita, belu likupeza panjira."

Chisamba anakonza kolala. Atafika pageti anacheuka. Amalume anali atapereka msana ku lole, ndipo munthu wa pamwamba pa loleyo anawatsitsira thumba la simenti pamapewa. Anagwedezeka pang'ono, n'kuima bwino, n'kuyamba kuyenda kulowera kosungira katundu, fumbi loyera likuwatsikira m'khosi.