Kabotolo ka Mafuta a Makina

Tsiku loyamba pa shopu yosoka zovala, mtsikana wina anapatsidwa simbi ndi chitini cha mabatani. Asanakhale pansi n'komwe, telala wa pafupi ndi zenera anamukodola.

"Asisi, tandilowetsereniko ulusi m'singanomu. Maso angawa akana ntchito, angoti dwii pa inu."

"Bodza la m'mawamawa! Mumawauza onse obwera pano?"

"Onse amene anabwera inu musanafike anali ndi ndevu."

Mtsikanayo anaseka mpaka mabatani anamwazika pansi. Kuyambira pomwepo dzina lake linakhala Kabatani.

Chikondi chinayaka ngati moto wa patchire. Foni sinkapuma. "Kabatani wanga, popanda iwe ndine malaya osamangika." Mawa lake: "Diresi la ukwati wathu ndidzasoka ndekha, anthu adzayiwala kudya!"

M'mawa uliwonse manja a telala ankanjenjemera, Kabatani n'kumamulowetsera ulusi. Pofika masana ankakhazikika okha. Mwiniwake ankati ndi kuzizira. Nanga munthu wokonda amafunsa zambiri?

Tsiku lina sizasi inalimba. Kabatani anatenga kabotolo ka mafuta a makina m'dirowa ya telala n'kudonthetsera. Fungo linamumenya m'mphuno. Mowa!

"Kodi makina ako amamwa zimenezi?"

"Mtima wanga, tamvera kaye..."

"Ndimvere chiyani? Ine kukulowetsera ulusi, osadziwa kuti ndikukuthandiza kubisa!"

Telala anagwetsa nkhope. Anaulula kuti anayamba nthawi ya mayunifomu a sukulu, pamene bwana wa shopuyo ankagulira matelala timabotolo ta mowa kuti asamve kutopa. Mayunifomu anatha, ludzu silinathe.

Sabata yomweyo anadula molakwika suti ya kasitomala, bwana n'kumuchotsa ntchito. Kabatani anayika simbi pansi mwaukali.

"Bwana, munamuphunzitsa ndinu! Pamene ankakusokerani ngati kapolo, mowa unali wabwino. Lero ndiye wanunkha?"

Bwana anangoyang'ana kudenga. Koma panja Kabatani sanamunyengerere telala.

"Iwenso usaganize kuti wapulumuka. Iwo anakupatsa, koma wondinamiza ndiwe."

Mauthenga anagwa ngati mvula. "Ndasiya, ndikulumbira!" "Dontho silidzandikhudzanso, wokondedwa." Kabatani ankawerenga, n'kulirira m'nsalu za anthu, osayankha. Malonjezo anali atamukwana.

Kenako foni inati zii. Mtima unamuthawa. Kodi wagwera m'ngalande? Kodi wafa? Mlongo wake wa telala ndiye anabwera pa shopu kudzamunong'oneza kuti achimwene ake ayamba kupita kuchipatala, kukagulu ka anthu ofuna kusiya mowa.

Miyezi itapita, uthenga unalowa m'mawa. "Dzulo ndinagwa, ndinamwa. Ndikanatha kubisa koma ndatopa kukunamiza. Lero ndi tsiku la gulu ndipo ndikuopa kulowa."

Kabatani anawerenga kawiri. Munalibe shuga, munalibe lumbiro. Anazimitsa simbi n'kuthamanga.

Anamupeza pageti la chipatala, ataonda, kolala itapindika. Anamukonzera kolalayo mwaukali, misozi ili mbwembwembwe.

"Wabwera kudzanditukwana?"

"Kutukwanako kulipo, ndakusungira. Tiye tilowe."

"Ukandidikira panja?"

"Panja ndikatani? Achibale amaloledwa, si choncho?"

Telala anamuyang'ana. "Nanga akafunsa kuti ndiwe ndani wanga?"

Kabatani anamugwira dzanja n'kukankha geti.

"Ukawauze zoona. Wayamba kale kuzolowera."