Tumizani Chithunzicho, a Wiseman

Basi yopita ku Lusaka itaima pa Nyimba, Ezelina anaithamangila ndi beseni la nthochi pamutu. Mwamuna wina wa shati yoyela anasuzumila pawindo.

"Nthochi nzokongola, koma wogulitsa wazipambana," anatelo. "Ndine Wiseman, ndimalemba anthu ntchito pahotela ina ku Lusaka. Sukulu unalekela pati?"

"Geledi twelofu," anayankha Ezelina, maso pansi.

Basi isananyamuke anali atapatsana manambala.

Kuyambila tsikulo foni ya Ezelina sinapumenso. "Duwa langa la ku Nyimba, wadya?" Tsiku lina: "Dzuwa silidzakuwotchanso pamsewu. Udzakhala polandilila alendo, ndipo chaka chisanathe ndituma anthu kwa makolo ako."

Ndi mtsikana uti akanatseka makutu?

Wiseman anayamba ndi kupempha satifiketi. Kenaka reji, chitupa chimene atate a Ezelina anachiyendela zaka m'maofesi. Kenaka nambala yachinsinsi ya Fesibuku, ati abwana aone khalidwe lake. Zonse anatumiza.

"Kwatsala chimodzi, mtima wanga. Osoka yunifomu akufuna msinkhu wako. Jambula utavala zamkati zokha. Ukuopanji? Si ine mwamuna wako?"

Masiku atatu Ezelina sanayankhe. Tsiku lachinayi anatseka chitseko, nadzijambula, natumiza.

Sabata isanathe kunabwela uthenga wina. "Mailo ubwele ku Petauke, kuloji. Abwana akufuna kukuona pawekha kuchipinda. Ukawasangalatsa, ntchito ndi yako."

"Inu amene mukuti mundikwatila, mukundipeleka kwa mwamuna wina?" analemba Ezelina.

"Usadzimve. Chithunzi chija ndili nacho, Fesibuku yako ili m'manja mwanga. Ukakana, kwaya yanu yonse ikuona."

M'mawa mwake mnzake Olipa, amene ankabwela kuchokela ku Kacholola kudzapikula nthochi, anamupeza akulila kuseli kwa msika. Atawelenga mauthengawo, Olipa anatulutsa foni yake. Nambala inali yomweyo. "Duwa langa la ku Kacholola, wadya?"

Ezelina anamva ngati wamenyedwa ndi mwala pachifuwa. Ngakhale mawu okoma aja sanali ake yekha! Koma misozi inaumila pomwepo.

"Tiye kwathu," anatelo Ezelina.

Amai ake, a Dainess, anawapeza akutong'ola chimanga pakhonde. Ezelina anagwada, nawaonetsa zonse, ndi chithunzi chomwe.

"Walakwa, mwana wanga, ndipo atate ako ndiwauza ine," anatelo amaiwo. "Koma ine ndinathawa zipolopolo ku Mozambiki ndili kamtsikana. Ndiope chithunzi lelo? Nyamuka, uvale nsapato."

Masana omwewo atatuwo anafika kupolisi. Wapolisi wamkazi anakopela mauthenga onse, nawathandiza kusintha manambala achinsinsi. Ali pomwepo foni ya Ezelina inalila.

"Wakwela kale minibasi, wokondedwa?"

"Sindibwela, a Wiseman."

"Ndiye nditumize?"

"Tumizani. Amai aona kale. Atate amva lelo, akwaya ndiwauza ndekha Lamulungu. Mutumizila ndani amene sakudziwa? Koma podina mukumbukile kuti nambala yanu ili pano patebulo la apolisi, pamodzi ndi mauthenga a Olipa wa ku Kacholola."

Mawu a Wiseman anafewa. "Ezelina, mtima wanga, ndimangocheza..."

"Dzina langa lichoke m'kamwa mwanu."

Ezelina anadula foni.

Potuluka, anakakhala pansi pa mtengo wa mango. Olipa anamugwila paphewa.

"Unamukondadi, eti?"

"Ndinamukonda kwambili," anatelo Ezelina, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndiye akamugwila andiitane. Ndikufuna ndikaime kukhoti, andiyang'ane ndili chivalile."