Zenera la Bibi Zarghuna

Lachiwiri cha m'ma 9 koloko m'mawa, Ustad Mehrban, mmisiri wamkulu wa mazenera, anakwera masitepe a nyumba yakale ya Bibi Zarghuna ku Peshawar. Mazenera a nyumbayo, a magalasi ofiira, obiriwira ndi achikasu, anapangidwa ndi agogo ake a Ustad zaka zoposa zana zapitazo. Mwezi uliwonse mkuluyu ankabwera kudzawayendera.

M'chipinda chapamwamba anangoti chilili. Anayang'ana kuwala kumene kunagwera pansi, kenako zenera lalikulu.

"Bibi, zenera ili si lanu."

"Maso atha, Ustad. Lakhala pomwepo chibadwire changa."

Ustad anagogoda galasi ndi chikhadabo. "Lofiira la agogo lili ndi timathovu m'kati. Ili ndi la m'sitolo, angolipaka utoto. Itanani apolisi."

Inspekita Naveed Kakakhel anafika 11 koloko. Bibi anafotokoza kuti anali ku ukwati ku Kohat masiku anayi. Telala woyandikana nawo anati Loweruka masana anaona amuna atatu akutsitsa chimtolo. Amunawo ankati awatuma ndi Ustad.

"Ndiye ndimange inuyo, bambo?" anaseka Inspekita.

Ustad sanaseke. "Zenera lija lili ndi tizidutswa mazana asanu ndi anayi. Lilibe msomali, lilibe guluu. Pali kamtengo kamodzi kamene kamagwira zonse. Wosakadziwa angaliswe."

"Amakadziwa ndi angati?"

"Awiri. Ine ndi Daud Shinwari. Ndinamuphunzitsa zaka khumi ndi ziwiri."

Shopu ya Daud anaipeza yotseka. Wogulitsa tiyi pafupi anati wapita kokwezera katundu wa ku Karachi. Pokwana 3 koloko apolisi anamupeza atakhalira bokosi lolembedwa kuti matailosi, akudikira lole.

"Dzuka, tione matailosi akowo," anatero Inspekita.

Daud ataona mphunzitsi wake kumbuyo kwa apolisi, sanayese n'komwe kuthawa. Anatsegula yekha bokosilo. M'katimo munali zenera lobedwa lija.

Ustad anagwada. Anachotsa thonje pang'onopang'ono, n'kuyendetsa chala pa kagalasi kalikonse.

"Sunaswe ngakhale kamodzi," anatero.

"Munandiphunzitsa ndinu, Ustad."

"Kuba sindinakuphunzitse. Koma matabwa a zenera labodza lija wasema bwino kuposa ine. Ukanangolembapo dzina lako, mwanawe."

Daud anatambasula manja, unyolo n'kulira.

Khoti linamupatsa zaka zinayi, ndipo anzake awiri aja zaka ziwiriziwiri. Ustad anabwezeretsa zenera la agogo ake masiku atatu, osalola munthu wina kuligwira. Kenako anakapempha woweruza kuti amupatse labodza lija.

Analiimika m'shopu mwake, atachotsamo magalasi onse opaka utoto. Wamalonda wina wa ku Lahore atafuna kuligula, Ustad anapukusa mutu.

"Silinathe. Mwini wake adzalimaliza akatuluka."